Lipoti: dalaivala wa ku Kanengo amene anafuna kusiya ntchito kuti atenge penshoni

Ndimagwira ntchito yolangiza mamembala pa nkhani za ndalama ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) ina muno mu Lilongwe. Lipotili ndi la banja limodzi lomwe ndayenda nalo kuyambira mu Julayi 2024 mpaka mu Juni 2025. Eni ake anavomera kuti ndilembe, bola ndisatchule maina awo ngakhale kampani yomwe abambo amagwirako ntchito. Ndabisa zimene zingawaulule, koma masamu ndawasiya momwe analili, chifukwa nkhani yonse yagona pa masamuwo.

Mmene anabwerera

Abambowa anali ndi zaka 46, dalaivala wa lole pa kampani ina ku Kanengo kuyambira mu Malichi 2012. Amakhala nyumba ya lendi ku Area 25 ndi akazi awo ndi ana atatu. Mayi amagulitsa tomato, anyezi ndi mafuta oyezera pa msika wa Nsungwi. Kumudzi ndi ku Dowa, komwe ali ndi kamunda komanso mwana wina wamkazi amene abambo anabereka asanakwatire.

Anali membala wathu wogona: masheya a K96,000 omwe sanawaonjezereko kwa zaka zitatu. Tsiku limene anabwera anangokhala pansi, chipewa chili pa bondo, n'kunena kuti, "Alangizi, ine sindinabwerere ngongole. Mundithandize kulemba kalata yosiya ntchito. Ndamva kuti masiku ano ukangokhala miyezi itatu, penshoni amakupatsa."

Ndinawafunsa chimene chawathamangitsa. Anayankha ndi mwambi: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa iwo penshoni inali fodya wa pachala. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu m'sitolo zinkakwera sabata ndi sabata, ndipo ankaona kuti pofika zaka 60 ndalamazo zidzangokwanira thumba la sopo. Mantha amenewa si opusa, ndipo sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti kalatayo idikire masabata awiri, abwere ndi zinthu zitatu: mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, sitetimenti ya ku banki, ndi sitetimenti yochokera ku kampani imene imasunga penshoni yawo. Chachitatuchi anali asanachionepo chiyambire ntchito.

Pepala la malipiro

Malipiro awo anali K420,000 pa mwezi. Msonkho wa PAYE unkadulidwa K67,500, penshoni K21,000, ndipo kampani ina yobwereketsa ndalama inkadula K85,000 ya ngongole yomwe inali ithe mu Malichi 2025. Ku banki kunkafika K246,500.

Tinayamba ndi msonkho, poti ndi umene ankaudandaula kwambiri. Kuyambira mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba pa malipiro a mwezi sinkadulidwa msonkho. Kuchokera pamenepo mpaka K500,000 ankadula 25 peresenti. Ndipo yopitirira K500,000 mpaka K2,550,000 ankadula 30 peresenti. Ziwerengerozi ndi za nthawi imeneyo, zimasintha boma likasintha bajeti, ndiye wowerenga azifunsa za chaka chimene ali. Titachotsa K150,000 pa K420,000 inatsala K270,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamayi ndi K67,500 ndendende. A ku ofesi ya malipiro sanawabere.

Koma apa panatuluka chinthu chimene ndimakumana nacho pafupifupi mwezi uliwonse. Abambowa anali atakana maulendo a ovataimu kwa miyezi ingapo. Mnzawo wina anawauza kuti malipiro akangodutsa K500,000, bungwe lotolera misonkho la MRA limatenga 30 peresenti ya ndalama yonse, ndiye n'kugwirira boma ntchito. Si mmene zimakhalira. Msonkho umakwera ngati masitepe, sitepe iliyonse ndi mtengo wake. Tinawerengera limodzi mwezi wa ovataimu ya K130,000. Zonse pamodzi K550,000. Yoyamba K150,000 palibe msonkho, yotsatira K350,000 msonkho wake K87,500, yomalizira K50,000 msonkho wake K15,000. Pamodzi K102,500. Msonkho wakwera ndi K35,000, inde, koma m'thumba mwalowa K95,000 yoonjezera. Anabwereza masamuwo okha pa foni kawiri, kenako anangopukusa mutu. Ndalama zimene anazikana chifukwa cha mphekesera sizinali zochepa.

Ndinawaonetsanso kuti malire osadulidwa msonkho atakwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000, iwo anayamba kulandira K12,500 yoonjezera mwezi uliwonse. Sanaione n'komwe. Inangosungunuka m'mayunitsi a magetsi ndi ndiwo. Ndalamayi ndinaisunga m'mutu, chifukwa ndinadziwa kuti tidzaifuna.

Chimene sanandiuze

Sitetimenti ya ku banki ndi imene inaulula. Tsiku lililonse lolandira, K75,000 inkatuluka pa ATM ya ku Old Town m'mamawa, nthawi imene abambowa amakhala ali kale pa msewu. Nditafunsa, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati khadi silikhala ndi iwo.

Mu Febuluwale 2024 mlamu wawo anamwalira ku Dowa. Monga mwini mbumba, bokosi, galimoto ndi ufa wa pamaliro zinagwera iwo. Anatenga K150,000 kwa wakatapila, chiwongola dzanja 50 peresenti pa mwezi, chikole khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi. Kuyambira mu Malichi mpaka mu Julayi anali atapereka K75,000 kasanu, yomwe ndi K375,000, koma K150,000 ija inali chiimire. Pa K246,500 pankatsala K171,500, lendi K70,000, magetsi ndi madzi pafupifupi K25,000, zotsalazo ndi zimene ankati adye anthu asanu, ana apite kusukulu. Akazi awo sankadziwa. Ankangoona kuti abambo asiya kusiya ndalama ya ndiwo, ndipo m'nyumba munali mutalowa kukayikirana kwa mtundu wina.

Tsono kalata yosiya ntchito ija sinali ya kugwa kwa kwacha kwenikweni. Inali ya K150,000. Munthu ankafuna kugwetsa nyumba kuti aphe khoswe.

Sitetimenti ya penshoni

Iyi inatenga masiku khumi kuti ipezeke. Ku ofesi yawo anawazengereza, ndiye ndinawauza kuti apite okha ku kampani yosunga penshoniyo ndi chiphaso cha unzika, poti membala ali ndi ufulu woona akaunti yake. Anabwera nayo ikadali mu envelopu.

Munali K3,860,000. Koma mzere womaliza wa ndalama yolowa unali wa mwezi wa Julayi 2023. Kuyambira mu Ogasiti 2023 mpaka mu Juni 2024, miyezi 11, munalibe kanthu, chikhalirecho pepala la malipiro linkaonetsa K21,000 ikudulidwa mwezi ndi mwezi.

Lamulo la penshoni la 2011, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2023, linakhazikitsa kuti wantchito azisonkha osachepera 5 peresenti ya malipiro ake, olemba ntchito azionjezerapo osachepera 10 peresenti, ndipo zonsezi zizitumizidwa ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Kwa abambowa ndi K21,000 yawo ndi K42,000 ya abwana, K63,000 pa mwezi. Pa miyezi 11 ndi K693,000 yosafika, ndipo mkati mwake K231,000 inachotsedwa pa thukuta lawo lenileni.

Pa nkhani yonseyi, apa ndi pamene pamandiwawa. Anthu athu amakhulupirira pepala la malipiro ngati kalata ya ubatizo. Koma pepalalo limangonena kuti abwana adula. Silinena kuti atumiza. Umboni woti ndalama yafika uli ku thumba la penshoni kokha. Ndaonapo anthu akuzindikira zimenezi ali ndi zaka 60, kampani itatsekedwa kale, eni ake osadziwika komwe ali. Abambowa anazindikira kampani ikadali yotsegula, malole akuyenda, ndipo limenelo linali dalitso lobisika m'tsoka lawo la katapila.

Masamu a kusiya ntchito

Zimene anamva zinali zoona mbali imodzi. Lamulo la 2023 linachepetsadi nthawi yodikira kwa munthu amene ntchito yamuthera, kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa itatu. Koma sapereka zonse. Amapereka gawo chabe, ndipo zimene abwana anasonkha zimatsala kudikira nthawi yopuma. Atafunsa ku kampani yosunga penshoniyo, anawauza kuti angayembekezere pafupifupi K1.4 miliyoni.

Tinaika ndalamayi mbali imodzi ya pepala. Mbali inayo tinalemba zotayika. Miyezi itatu osalandira K331,500, yomwe ndi malipiro awo tikachotsa msonkho ndi penshoni, ndi K994,500. Ngongole ya K85,000 ikanapitirira kufunidwa. Wakatapila akanapitirira kuwerenga miyezi, mwinanso kuonjezera chiwongola dzanja pa chiwongola dzanja. Pofika tsiku lolandira K1.4 miliyoni ija, yambiri ikanakhala ndi eni ake kale, ndipo iwo akanakhala bambo wa zaka 46 wofunafuna ntchito ya udalaivala mu Lilongwe.

Panalinso ziwiri zimene sankazidziwa. Lamulo limakakamiza olemba ntchito kugulira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kwa iwo ndi K5,040,000 yopita kwa banja atamwalira ali pa ntchito, ndipo kwa munthu wokhalira pa msewu wa M1 usiku ndi usana si nkhani yaing'ono. Ukasiya ntchito, chitetezo chimenechi chimathera pa geti. Chinacho ndi ndalama ya chipukuta misozi imene lamulo la ntchito limapereka kampani ikachepetsa antchito: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Pa zaka 12 ndi masabata 33, pafupifupi K3.2 miliyoni. Wosiya yekha salandira ndalamayi. Ndipo kampani imene yalephera kutumiza penshoni kwa miyezi 11 ikhoza kuyamba kuchotsa anthu tsiku lililonse. Ndinawauza mosabisa kuti kalata yawo ikanakhala mphatso kwa abwana.

Ndinawauzanso kuti lamulo latsopanoli linakweza ndalama yolandira nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti, ndipo limalola kutengako gawo kukatsala zaka zisanu kuti munthu apume. Thumba lawo limapumitsa pa zaka 60, ndiye khomo limenelo lidzatseguka ali ndi zaka 55, osataya ntchito. Kalata anaipinda n'kuika m'thumba la malaya. Sanaing'ambe tsiku limenelo.

Kubwera kwa mayi

Ndinakana kupitiriza popanda akazi awo. Anadandaula kuti ndikufuna kuwavula pamaso pa mkazi. Ndinati, "Bambo, mayi akudziwa kale kuti ndalama ikusowa. Chimene sakudziwa ndi kumene ikupita, ndipo zimene akuganiza ndi zoipa kuposa zoona zake." Panapita sabata, anabwera onse awiri Loweruka m'mawa.

Mayi anamvetsera osadula mawu. Atamva za K375,000 anagwira pakamwa. Kenako anatembenukira kwa amuna awo n'kunena motsitsa, "Abambo ake, maliro aja tinali limodzi. Munalephera bwanji kundiuza?" Ndinatuluka kukatunga madzi, ndipo sindinafulumire kubwerera.

Nditabwerera, mayi anali atatsegula foni. Mu Airtel Money munali K110,000 imene ankasunga pang'onopang'ono ya feteleza wa ku Dowa. Nawonso anali asanawauze amuna awo. Ndimaziona kawirikawiri m'mabanja muno mu tauni: aliyense ali ndi kachinsinsi kake ka ndalama, wina ka ngongole, wina ka chuma, ndipo awiriwo akugona chofunda chimodzi.

Tinagwirizana kuti mayi atulutse K90,000, ndipo abambo atenge ngongole yadzidzidzi ya K135,000 ku SACCO potsamira masheya awo aja, yobweza miyezi isanu ndi umodzi pa pafupifupi K26,000 pa mwezi. Ndinene poyera kuti ndine wantchito wa SACCO, ndiye ndili ndi mbali. N'chifukwa chake ndinawapempha afunsenso kwina. Mayi anafunsa ku banki m'khonde yawo, komwe chiwongola dzanja chinali 20 peresenti pa mwezi, ndipo anaona okha kusiyana kwake. K225,000 yonse, mutu wa ngongole ndi chiwongola dzanja cha Ogasiti, inakaperekedwa pamaso pa mboni, mkulu wina wa mpingo wawo. Wakatapila analemba pa pepala kuti walandira zonse, anabweza khadi, ndipo tsiku lomwelo abambo anakasintha nambala yachinsinsi. K90,000 ya mayi tinailemba ngati ngongole yeniyeni, yobwezedwa K20,000 pa mwezi, kuti feteleza asalephereke komanso kuti mayi asadzaone ngati kuulula kwawo kunawalanga.

Fomu ya olandira

Pamodzi ndi sitetimenti ija panabwera kope la fomu imene abambo analemba mu 2012, yotchula odzalandira ndalama iwo atamwalira. Panali maina awiri: amayi awo owabereka, amene anamwalira mu 2019, ndi mng'ono wawo. Mkazi panalibe. Ana panalibe.

Sanachite dala. Anailemba tsiku loyamba ntchito, ali wothamanga, ndipo palibe anawakumbutsa. Koma ndalama ya penshoni ndi ya inshuwalansi ija siyenda njira imodzi ndi katundu wina wamasiye. Oyang'anira thumba amayamba ayang'ana fomu imeneyi. Fomu yakale, yokhala ndi dzina la womwalira ndi la m'bale mmodzi, ndi chiyambi cha kuchedwa ndi milandu, ana akuthamangitsidwa kusukulu. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu, koma ndi bwino mkazi wamasiye asafike pofuna lamulolo.

Kulembanso fomuyi kunatenga nthawi kuposa china chilichonse. Abambo ankafuna mwana wa ku Dowa alembedwe mofanana ndi anzake. Mayi poyamba anauma nkhope. Abambo ankafunanso kuikapo mwana wa mlongo wawo, wamasiye wa mlamu anamwalira uja, poti kwathu kuno malume ndiye tate wa mbumba. Ine sindinaweruze, si ntchito yanga. Ndinangoumirira kuti magawo akwane 100, maina afanane ndi a pa ziphaso, ndipo mayi adziwe zimene zalembedwa. Anabwerera kunyumba kawiri osagwirizana. Ulendo wachitatu anabwera atamvana: mayi 30 peresenti, ana anayi 15 peresenti aliyense, mwana wa mlongo uja 10 peresenti. Anatenga kope lodindidwa n'kuliika m'chikwama momwe mumakhala makadi a sikelo a ana.

Kulondola K693,000

Abambo ankaopa kudandaula okha, ndipo ndinawamvetsa. Dalaivala wodandaula amapezeka wapatsidwa lole yowonongeka. Ndinawalangiza kuti auze anzawo akatenge masitetimenti awo. Onse amene anapita anapeza dzenje lomwelo. Anthu oposa 20 anasaina kalata imodzi yaulemu yopita kwa oyang'anira antchito, yokhala ndi miyezi ndi ndalama zake, yopempha yankho lolembedwa.

Yankho linabwera la pakamwa: bizinesi yavuta, ndalama zakunja zikusowa, dekhani. Mwina zinali zoona, koma ndalama yodulidwa pa malipiro a munthu si mpamba wa kampani. Patatha miyezi iwiri popanda chosintha, anakatula dandaulo ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions, yoyang'anira mabanki ndi makampani a penshoni, yomwe ili pansi pa Reserve Bank of Malawi ku City Centre, atanyamula makope a mapepala a malipiro, masitetimenti ndi kalata ija. Kuyambira mu Novembala 2024 ndalama za mwezi ndi mwezi zinayambanso kulowa. Za m'mbuyo zikubwera modontha. Pa miyezi 11 imene tinaiona poyamba, isanu ndi umodzi yalowa, K378,000. Isanu, K315,000, ikadali kunja, pamodzi ndi miyezi ya pakati pa Julayi ndi Okutobala 2024 imene nkhaniyi inkakambidwa. Phindu limene ndalamazi zikanabereka zikanalowa pa nthawi yake silinabwezedwe. Abambo tsopano amatenga sitetimenti miyezi itatu iliyonse.

Kusunga, ndi pamene ndinalakwitsa

Katapila atachoka, pa K75,000 ija panamasuka K49,000 tikachotsa ya SACCO. Ine ndinafulumira. Ndinawauza kuti K20,000 ipite kwa mayi, ndipo yotsalayo pafupifupi yonse isungidwe. Pa pepala zinkaoneka bwino. Koma banjali linali litakhala miyezi isanu likudya moperewera, ana nsapato zitang'ambika, ngongole zing'onozing'ono za pa okala zili mbwee. Mwezi woyamba womwe anasunga, n'kukatapanso patatha masiku asanu ndi atatu, ndipo anachita manyazi kubwera kudzandiona. Kulakwa kunali kwanga: ndinayeza ndalama, sindinayeze njala. Tinabwerera ku K12,500 ija ya msonkho, imene anali atazolowera kale kukhala osaiona, ndipo tinakonza kuti izichoka yokha ku banki tsiku lolandira. Imeneyi sinaphonyepo mwezi.

Funso la abambo loyamba lija linali likadalipo: kusungiranji kwacha imene ikutha mphamvu? Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 30 peresenti pa chaka, pamene akaunti wamba ya ku banki inkapereka phindu lochepa kwambiri poyerekeza, ndipo pa phindu lomwelo amadulapo msonkho wa 20 peresenti. Ndalama yogona mu akaunti yotere imaonda. Ndiye tinagawa malinga ndi ntchito ya ndalamayo. Ya dzidzidzi, ya matenda ndi maliro, ikhale pofikirika ngakhale isabereke, chifukwa ntchito yake ndi kutseka khomo la katapila, ndipo 50 peresenti pa mwezi imene waipewa ndi phindu loposa la banki iliyonse. Ya chakudya isakhale ndalama n'komwe.

Chaka chimenecho mvula inavuta chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Aliyense ankadziwa kumene mtengo wa chimanga ukulowera. Abambo anayambanso kuvomera ovataimu, ndipo ya Ogasiti ndi Seputembala yonse inagula matumba anayi a chimanga ku Mitundu, pafupifupi K40,000 thumba. Mayi anathira mankhwala a anankafumbwe n'kusanja matumbawo pa mapulanga kuchipinda. Pofika mu Febuluwale 2025 anansi awo ankagula thumba pa mtengo wowirikiza, iwo akungopita kuchigayo. Pa zonse zimene tinachita, ichi ndi chimene mayi amachitchula kwambiri.

Za banki m'khonde sindinawaletse, ngakhale ena mwa anzanga pa ntchito amaipeputsa. Imagwira munthu dzanja kuti asadye mpamba, ndipo kugawana kwa mu Disembala kumafika nthawi yabwino. Ndinangowachenjeza pa chizolowezi cha magulu ena chokakamiza membala kubwereka ngakhale alibe chochita ndi ndalamayo, komanso kuti ndalama zonse za banja zisakhale m'bokosi limodzi losungidwa kunyumba ya munthu. Mayi ankaopanso kuti akatsegula akaunti, a MRA adzawalondola pa tomato wawo. Ndinawafotokozera kuti kutsegula akaunti si kulembetsa msonkho, ndipo msonkho amaupereka kale tsiku lililonse: tikiti ya khonsolo pa msika, ndi msonkho wa VAT, womwe nthawi imeneyo unali 16.5 peresenti, pa katundu wambiri wa m'sitolo. Anatsegula akaunti yawoyawo mu Okutobala.

Januwale

Mu Januwale 2025 abambo anabwereranso kwa wakatapila yemwe uja. Mwana wamkulu, wa Fomu 4, anabwezedwa pa geti chifukwa cha fizi, ndalama ya banki m'khonde inali itapita ku feteleza wobereketsa ndi Khirisimasi, ndipo ya dzidzidzi inali itadyedwa ndi malungo a mwana wamng'ono. Anatenga K60,000, n'kubweza K90,000 kumapeto kwa mwezi. Kusiyana kwake ndi kwakuti ulendo uno khadi sanapereke, anawauza mayi usiku womwewo, ndipo anamaliza m'mwezi umodzi.

Sindikuona ngati kugwa. Fizi si ngozi. Imabwera mu Seputembala, mu Januwale ndi mu Epulo chaka chilichonse, ndipo ndinayenera kuipatsa thumba lakelake kuyambira pachiyambi. Tinawerengera fizi ya chaka chonse ya ana atatu, n'kuigawa pa miyezi 12. Mu Febuluwale ngongole ya SACCO inatha, mu Malichi ya K85,000 inathanso. Tisanalole kuti K111,000 yomasukayo isungunuke ngati K12,500 ija, tinakhala pansi mwezi usanathe: K45,000 ku thumba la fizi, K25,000 ku masheya a SACCO, yotsalayo kunyumba, poti lendi inali itakwera kufika K85,000.

Pamene nkhaniyi ili

Pofika mu Juni 2025 abambo akadali pa ntchito. Alibe ngongole ya katapila ngakhale ya kampani yobwereketsa. Masheya awo adutsa K170,000, thumba la dzidzidzi lili ndi K62,500, ndipo mu Meyi anagula matumba asanu a chimanga mitengo itatsika pokolola. Ndalama za penshoni za m'mbuyo sizinathe kulowa, ndipo kampani yawo yachotsa kale anthu angapo ku gawo lina, ndiye mtima sunakhale pansi. Ndawauza kuti akadzaitanidwa ku ofesi asadzasaine pepala lililonse tsiku lomwelo, adzayambe abwera nalo tidzawerengere limodzi masabata a chipukuta misozi aja, omwe tsopano afika 37.

Pa kukumana kwathu komaliza, abambo atatuluka kukayankha foni, mayi anandifunsa, "Achimwene, za abambowa tazimva. Nanga ine amene ndakhala pa msika zaka 15, miyendo ikadzakana, penshoni yanga ili kuti?" Alibe abwana owaonjezera 10 peresenti, alibe inshuwalansi, ndipo dzina lawo pa fomu ija limagwira ntchito pokhapokha amuna awo atamwalira. Ndinawauza kuti makampani a penshoni amalandiranso anthu odzilemba okha ntchito amene akufuna kumasonkha mwa kufuna kwawo, komanso kuti akhoza kukhala ndi masheya a SACCO m'dzina lawo. Anati akufuna aone kaye ndi maso mmene ndalama ya tomato imayendera. Ndinawapatsa kope la masamu loti azilembamo zogula ndi zogulitsa tsiku lililonse kwa miyezi iwiri, ndipo tapangana kuti adzabwera nalo Loweruka loyamba la Seputembala, ana akamatsegulira sukulu.